Ku Glasgow ankhoswe ali kutali

Ana anga, makalata ambiri amene ndalandira masiku ano akufunsa za kunja. Wina akuti mkazi wake wapeza ntchito ya unamwino ku Britain, kodi amutsatire? Wina akufunsa ngati n'kwabwino kutenga ana kapena kuwasiyira agogo. M'malo moyankha mmodzimmodzi, lero ndikufotokozereni zimene ndidaona ndi maso angawa ku Glasgow, mzinda waukulu wa ku Scotland, komwe ndidakacheza miyezi iwiri kwa mwana wanga wamkazi kumapeto kwa 2023.

Mwanayu adatsata mapazi anga, ndi namwino. Adanyamuka mu 2022, ndipo patatha miyezi isanu mwamuna wake ndi ana awo awiri adamutsatira. Kuno akamwini adali munthu wa tayi, wa ofesi yakeyake. Pakhomo padali mtsikana wantchito, ndipo achibale samatha phazi.

Choyamba kundilonjera kumeneko udali mdima. Mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa cha m'ma 3:45 masana. Kuliona kumene ndi mwayi, poti masiku ambiri kumakhala mitambo ndi mvula yowaza ngati chiperoni cha ku Thyolo, koma kuzizira kwake kolowa m'mafupa. Namwino wa shifiti ya maola 12 amachoka kuli mdima, kubwera kuli mdima, masiku atatu osaliona dzuwa.

Nyumba zambiri zakale mumzindawu ndi zosanja, zamiyala yofiirira, mabanja angapo kulowera khomo limodzi n'kukwera masitepe. Anawa amachita lendi zipinda ziwiri pamwamba penipeni, kummwera kwa mtsinje wa Clyde. Palibe bwalo loseserapo, palibe khonde loti ukhalepo madzulo n'kumapatsana moni ndi odutsa. Eni dziko ndi ansangala, moti aliyense potsika basi amathokoza dalaivala. Koma Chingerezi chawo, abale inu! Ine ndi dipuloma yanga yonse ndimangogwedeza mutu ngati ndamva.

Zokoma zilipo, sindingabise. Kuyambira 2017 khanda lililonse lobadwira ku Scotland limalandira bokosi la zovala ndi zofunda kuchokera kuboma. Mankhwala amene dokotala wakulembera sulipira. Ana ndi achinyamata osakwana zaka 22 amakwera basi ulere, ndipo mwana wa zaka zitatu kapena zinayi boma limamulipirira maola 1,140 pachaka kusukulu ya mkaka.

Koma boma silibwera kudzakugwirira mwana 6 koloko m'mawa. Apa ndi pamene padagona nkhani.

Nditangotha sabata imodzi ndidazindikira kuti m'nyumbamo simuli bwino. Anthu okwatirana amatumizirana mauthenga pa WhatsApp ali pansi pa denga limodzi. Mwana wanga amagwira usiku kuchipatala. Akamwini, poti mapepala awo a kuno sadawapezetse msanga ntchito ya muofesi, amasenza makatoni kunyumba yosungiramo katundu. Wina akamalowa, wina akutuluka, kupatsirana ana pakhomo ngati kamtengo ka mpikisano wothamanga. Mkazi akaweruka m'mawa, miyendo itatupa, amapeza mbale zadzulo zili phwii musinki. Mwamuna naye amadikira nsima imene sadaphunzirepo kuphika. Ndalama zambiri amabweretsa ndi mkazi, ndipo zimathera ku lendi, msonkho wa khonsolo ndi gasi wotenthetsera nyumba. Kwinaku mafoni ochokera kumudzi, mbali zonse ziwiri: feteleza, fizi, maliro.

Mukudziwa kuti kwathu kuno mkamwini ndi mpongozi sakhalirana pafupi. Koma usiku wina, ana atagona, akamwini adakhala pampando wa kukhitchini, maso pansi, n'kunena kuti: "Amayi, mundikhululukire. Kodi ine kunoko ndine ndani?"

Ndagwira ntchito m'zipatala zaka zoposa 30, ndipo ndimadziwa munthu amene akudwala mumtima. Bamboyu samagona tulo, adasiya kuimbira foni anzake, ndipo adali atayamba kufufuza mtengo wa tikiti yobwerera yekha. Kuno akadapita kwa ankhoswe kapena kwa amalume. Kumeneko adalibe ndi mmodzi yemwe.

Loweruka lotsatira, onse awiri ali pa ofu, ndidawaumiriza kuti andiperekeze ku Blantyre. Inde, Blantyre weniweni, amene wathuyu adatengerako dzina mu 1876. Ndi katauni kakang'ono m'mbali mwa Clyde, ulendo wa mphindi ngati 20 pasitima kuchokera pa Glasgow Central. Kumeneko kuli nyumba imene David Livingstone adabadwiramo mu 1813. Ndimayembekezera chinyumba, koma tidaona chipinda chimodzi chokha m'mdadada wa antchito a pafakitale ya thonje. Makolo ndi ana onse amaphika ndi kugona momwemo, ndipo iyeyo adayamba ntchito pafakitalepo ali ndi zaka 10. Akamwini adaima pakhomo pa kachipindako nthawi yaitali. Pobwerera m'sitima adaseka koyamba chibwerere changa, n'kuti: "Ndiye kuti ife ndi zipinda ziwiri zija ndife mabwana."

Madzulo ake ndidachita chinthu chosachitika kwathu: ndidakhala nkhoswe wa kuchimuna ndi kuchikazi nthawi imodzi. Mwana wanga ndidamuuza kuti malipiro si ndodo yomenyera mwamuna, ndipo munthu amene wasiya ofesi yake kutsata iwe ngofunika kumuthokoza ndi pakamwa. Akamwini ndidawauza kuti mthiko suchotsa munthu ubambo. Tidamata kalendala pafiriji: mashifiti a aliyense, wophika lero ndani, wokatenga mwana kusukulu ndani. Adagwirizananso ndalama imodzi yotumiza kumudzi pamwezi, yogawa pakati mbali ziwirizo, ndipo ikatha yatha. Nsima yoyamba ya akamwini idali ya mibulu, koma tidadya.

Sindikunena kuti mavuto onse adathera pomwepo. Amakanganabe ngati banja lililonse. Koma tikiti ija sidagulidwe, ndipo bamboyo pano akuphunzira madzulo kuti apeze mapepala a komweko.

Tsono inu amene mukumanga katundu, tamverani izi. Choyamba, malamulo a viza amasinthasintha. Kuyambira Malichi 2024 olowa kumene ntchito yosamalira okalamba adaletsedwa kutenga mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 Britain idatseka khomo lolemba antchito oterewa kuchokera kunja. Anamwino ali ndi njira yawo, yodzera m'mayeso a Chingerezi ndi kulembetsa kubungwe la anamwino la NMC. Werengani nokha patsamba la boma la Britain pa intaneti musanagulitse poloti, ndipo dobadoba wofuna mamiliyoni kuti akupezereni ntchito muthaweni.

Chachiwiri, kalangidwe ka ana. Ku Scotland kuyambira Novembala 2020 kumenya mwana, ngakhale kambama kamene kuno timati n'kulera, ndi mlandu. Kusiya mwana wamng'ono yekha m'nyumba kuti muthamangire shifiti kungakuitanireni a zachisamaliro cha ana. Yambani lero kuphunzira kulanga ndi mawu.

Chachitatu ndikunena ngati namwino. Thupi limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa, ndipo khungu lathu lakudali limafuna dzuwa lambiri kuposa la azungu. Azaumoyo kumeneko amalangiza anthu akhungu ngati lathu kumwa 10 micrograms tsiku lililonse chaka chonse. Ndipo mukaona mnzanu wasiya kudya, kugona kapena kucheza, musati ndi ulesi kapena mwano. Pitani naye kwa dokotala.

Chachinayi, funani anzanu msanga. Amalawi aliko ndithu, ndipo amasonkhana m'mapemphero ndi pa chikondwerero cha 6 Julayi. Iwowo ndiwo angakulozereni sitolo ya ufa wa nsima, ndiwonso angakugwirireni mwana tsiku lovuta. M'nyumba lankhulani Chichewa. Kamdzukulu kanga kakang'ono kadali katayamba kundiyankha m'Chingerezi cha ku Glasgow, agogo ake osatolapo kanthu.

Kwa bambo amene mudafunsa ngati mutsatire akazi anu, yankho langa ndi loti tsatirani, banja lisakhale patalipatali zaka. Koma musanakwere ndege khalani pansi awiri, ankhoswe anu ali pomwepo, mukambirane za ndalama, za ana ndi za kukhitchini. Walira mvula walira matope. Ndipo sabata ino pemphani mayi akuphunzitseni kuvundula nsima, ufa ukadali wotchipa.

Lamulungu likubwerali tibwerera ku makalata anu.