Maliro akatha, makiyi ali ndi ndani?

Ife amene timathandizira pa wailesi ya m'dera kuno ku Lundazi timawerenga mauthenga a maliro pafupifupi tsiku lililonse. Wakutiwakuti watisiya, maliro ali pa mudzi wakuti, abale a ku Lusaka ndi ku Kitwe afike msanga. Wolemera kwambiri ndi uthenga uja umabwera pakapita milungu itatu kapena inai, pakamwa osati pa pepala. Amai afika pakhomo ndi mwana kumbuyo, afunsa ngati tingaulutse kuti alamu awo abweze ng'ombe ziwiri, ngolo ndi makiyi a cigayo. Zotere sitiulutsa. Timangowalozera ku khoti ndi ku ofesi ya Victim Support Unit ku polisi.

Boma lathu lino lili ndi vuto lakelake pa nkhani ya cuma ca masiye. Kwa Atumbuka ndi Angoni, mwamuna akapereka malowolo ana ndi a kwa atate awo, ndipo cuma cimatsata mzere wa kucimuna. Kwa Acewa, monga a dera la mfumu yaikulu Mwase, mwambo wakale umati wolowa m'malo ndi mwana wa mlongo, ndipo mau a amalume ndi amene amalemera. Tsopano ganizani mnyamata wa Citumbuka amene anakwatira mtsikana wa Cicewa, anakumana ku koleji ku Chipata, anamanga nyumba ya malata mu tauni. Tsiku la kusesa, mbali iliyonse imafika ndi mwambo wake, ndipo palibe amene akunama. Onse akukamba zimene anaphunzira kwa makolo awo. Amene amatsala pakati ndi mkazi wamasiye ndi ana.

Lamulo lilipo, ndipo si latsopano. Kuyambira mu 1989, Intestate Succession Act imanena mmene cuma ca munthu womwalira osasiya wilo ciyenera kugawidwira: ana 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20 peresenti, makolo a womwalirayo 20 peresenti, ndipo 10 peresenti ipita kwa ena amene anali kudalira iye. Nyumba imakhala ya ana ndi wamasiyeyo, amene ali ndi ufulu wokhalamo mpaka imfa kapena mpaka atalowa cikwati cina. Ngati panali mitala, akazi onse agawana 20 peresenti yomwe ija, poyang'ana zaka zimene aliyense anakhala m'banja ndi zimene anaikapo. Mwana wobadwira kunja kwa cikwati ndi mwana basi, ali ndi gawo lake ngati anzake.

Pa pepala zimamveka bwino. Koma yesani kudula 20 peresenti ya cigayo. Yesani kugawa ng'ombe ziwiri zolimira kwa anthu asanu ndi awiri. Mapeto ake n'kugulitsa, nthawi zambiri motsika mtengo cifukwa aliyense afuna kukwera basi ya mawa, ndipo cinthu cimene cinali kulipira sukulu ya ana catha m'mwezi umodzi. Cinanso, lamuloli silikhudza malo a mfumu. Munda wa nshawa kapena wa fodya kumudzi, umene ndiwo cuma ceniceni ca mabanja ambiri kuno, umatsalabe m'manja mwa mwambo, a nyakwawa ndi akuluakulu a pabanja.

Ndiye pali administrator. Ambiri timaona ngati munthu akasankhidwa ndi banja n'kupatsidwa kalata ku khoti ndiye kuti walowa ufumu. Iyai. Nchito yake n'kusonkhanitsa cuma, kulipira ngongole, n'kugawira oyenera. Kudzitengera yekha ndi mlandu. Ife tikadafunsidwa, tikadati banja lisamasankhe munthu cifukwa cakuti ndiye wamkulu kapena ndiye anagula bokosi.

Inu a mu tauni mwina mukuti izi n'za madala. Tiyeni tiwerenge zimene muli nazo. Muli ndi ndalama mu Airtel Money kapena MTN MoMo, PIN muidziwa nokha. Muli mu cilimba, ndipo mwezi wanu wolandira sunafike. Muli ndi motobaiki imene mnyamata wina amayendetsa, pangano lake linali la pakamwa. Mwina muli ndi ploti imene mukulipira pang'onopang'ono, malisiti ali pansi pa matilesi. Ngati muli pa nchito yolembedwa, NAPSA imadula mwezi ndi mwezi, ndipo munthu akamwalira pamakhala thandizo la maliro ndi ndalama za otsala, koma zimafuna mapepala ndi maina olondola. Ndipo ngati mukukhala ndi munthu zaka zisanu popanda ankhoswe kapena cikwati ca mtundu uliwonse, lamulo silimuona ngati mkazi wanu kapena mwamuna wanu. 20 peresenti ija siimukhudza.

Kulemba wilo sikufuna kuti mukhale ndi famu ku Chisamba. Lamulo lina la caka comweco ca 1989, Wills and Administration of Testate Estates Act, limafuna zinthu zocepa: mukhale wa zaka 18 kapena kuposa, mutu uli bwino, mulembe pa pepala, musaine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisaine. Mboni isakhale munthu amene mwamupatsa kanthu mu wiloyo, cifukwa angataye gawo lake. Sankhani amene adzayendetsa zonse, ndipo mumuuze muli moyo. Musaganize kuti wilo ndi mkwapulo wokwapulira amene munayambana nawo. Khoti likhoza kulowererapo ngati mwasiya mkazi kapena mwana wodalira inu opanda kanthu. Amene alibe ndalama ya loya angafunse ku Legal Aid Board.

Kulemba n'kosavuta. Cimene cimatilemera tonse n'kukamba ndi makolo. Kuno munthu ukafunsa atate ako kuti munda wa ku dambo udzakhala wa ndani, mawa lake akadwala mutu, dzina lako latuluka kale kwa sing'anga. Mantha amenewa si opusa. Mabanja amagawikana nawo. Koma timaona kuti nkhalamba zambiri zimafuna kukamba, zimangosowa wofunsa mwaulemu. Zimadziwa ng'ombe iti inabwera ndi malowolo a mwana uti, malire a munda adutsa pa mtengo uti, ndi ndani anabwereka matumba a cimanga caka ca njala osabweza. Nzeru zonsezi zili m'mutu umodzi.

Njira imene taona ikuyenda ndi kusayambira pa imfa. Yambirani pa ukalamba. Amai, miyendo ikadzakana, mufuna kukhala kwa ndani, kumudzi kapena mu tauni? Mankhwala a BP adzagula ndani, ndipo ndani adzakuperekezani akakutumizani ku cipatala cacikulu ku Chipata? Mufuna kudzagona kwanu kapena kwa amuna anu? Mafunso amenewa akayankhidwa, nkhani ya munda ndi ng'ombe imabwera yokha. Musapite nokha, tengani azakhali kapena amalume amene makolowo amawamvera, kuti ena asadzanene kuti munawanyengerera m'cipinda. Za munda, aitaneni a nyakwawa amve ndi makutu awo, ndipo wina alembe zimene zagwirizanidwa.

Ambiri a inu mudzabwera kwanu pa Khisimasi, kapena pa nthawi yokolola kudzatenga thumba la nshawa. Masiku amenewo abale amakhala pamodzi popanda wolira. Kabuku ka sukulu ndi bolopeni n'zokwanira, ndipo mfumu ya mudzi siikhala patali.