Milimita imodzi ya chikasu

Masiku ano aliyense amene wagula makina a Cricut kapena Silhouette akudzitcha katswiri wodula masiki opentera tindege ta pulasitiki. Amatenga vinyl wa zikwangwani, womata pa magalasi a mashopu uja, n'kumagulitsa theka la mtengo wanga. Guluu wa vinyl ameneyo anapangidwira dzuwa ndi mvula. Mukamumata pa phiko la Spitfire lomwe mwapopera dzulo, pomatula amanyamuka ndi penti yemwe.

Ine ndimadula Oramask 810 wa ku Germany, wotuwa uja woonekera mkati, moti mizere ya phiko umaiona pansi pake poyika. Zojambula pa kompyuta ndi zotumiza ku makina sindinena, ngakhale mwana wa sukulu angathe. Pamene pagona nkhani ndi pa chizindikiro chozungulira cha ndege zankhondo za RAF, chamtundu womwe unayamba mu 1942. Pa thupi la Spitfire chinali mainchesi 36: chofiira pakati 12, choyera kufika 16, chabuluu 32, chikasu kunja. Ndiye kuti mkombero woyera ndi wachikasu, uliwonse ndi mainchesi awiri m'lifupi. Pa kandege ka 1/48 imeneyo ndi milimita imodzi ndi kachidutswa, pa 1/72 sikwana n'komwe. Kamkombero kotere ukakanyamula ndi zala kamatamuka, bwalo n'kusanduka dzira. Kamanyamulidwa ndi tepi, mikombero yonse pamodzi, kenako umachotsa umodzi, kupopera, kudikira kuti uume, kuubwezera pamalo pake penipeni. Ukaphonya pang'ono chikasu chimanenepa mbali imodzi, ndipo diso limaona munthu ali pakhomo. Kuno ku Joni ambiri amafuna Spitfire ya SAAF, gulu la ndege zankhondo la dziko lino, yomwe pakati pa chizindikiro chake ndi olenji m'malo mwa chofiira, koma vuto la mkombero ndi lomwelo.

Dzanja limeneli ndinalipeza kwa abwana anga oyamba, madala amene ankalemba zikwangwani ndi bulashi makina asanabwere. Makinawo sanandilole kuwakhudza msanga. Ntchito yanga inali kutola zotsalira m'kati mwa zilembo ndi nsonga ya singano, tsiku lonse, msana uli kuwawa. Ndikamaliza ankatenga pepala la kunsi kwa vinyl n'kuliyang'anitsa pa zenera. Akaona kuti mpeni walowa m'pepalamo, ntchito yonse inkapita m'bini, osakweza mawu. Mpeni wobuntha ankaumva ndi khutu, ali kumwa tiyi chipinda china. Tindege sankatidziwa, ankati n'zidole za anthu osowa chochita, koma mpaka lero sindituma phukusi ndisanayang'ane pepala lija pa zenera.

Makasitomala nawo! Wina amatumiza chithunzi chosaoneka bwino cha ndege ya mu 1944, akufuna nambala zake zifanane ndendende, mtengo ukhale wa masitika. Wina amasunga masiki m'dilowa chaka chathunthu, kenako n'kudandaula kuti afupika. Vinyl amafupikadi akakhalitsa, ndipo pa galasi lokhota kwambiri, ngati mphuno ya Heinkel He 111, amanyamuka m'makona. Pamenepo ndimawauza chilungamo kuti agule a pepala lachikasu la kabuki, ngati a Eduard, ngakhale ndalamayo ipite kwina.

Koma pa zizindikiro, zilembo ndi manambala, vinyl wabwino alibe mnzake. Mukagula kwa ine, poperani mwezi womwewo, penti wochepa m'magawo opyapyala, ndipo za kuchotsera mtengo musandifunse.