Mdani Anadzera Pansi

Atsibweni anga atapuma pa ntchito yawo ku munda wa tiyi ku Thyolo, anandisiyira mbalame ziŵiri zimene ankaŵeta kumeneko, pikoko wamwamuna ndi wamkazi. Pondipatsa anangoti, "Mphwanga, zimenezi si nkhuku ayi. Uzisamale."

Kapena aŵerengi ena sanamuonepo pikoko. Kwawo kwenikweni ndi ku India ndi ku Sri Lanka, ndipo m'chaka cha 1963 dziko la India linamusankha kukhala mbalame ya fuko lawo. Tambala wake akakwanitsa zaka 3 amakhala ndi nthenga zakumbuyo zotalika ngati mita imodzi ndi theka. Usiku mbalamezi zimagona pamwamba m'mitengo, koma thadzi limaikira mazira pansi ndi kuwafungatira masiku 28 kapena kupitirira pang'ono. Apa mpamene pagona ngozi.

Ndinamanga khola lalitali ndi waya wa nkhuku, pamwamba ndinatseka poopa kabaŵi, ndipo nsanamira ndinazipaka laimu. Anansi ankabwera kudzaliona, ine mtima uli m'malo. Koma wayayo anangolekezera pa dothi.

M'mwezi wa November thadzi linali litakhalira mazira 5 kwa milungu iŵiri. Tsiku lina m'bandakucha tambala analira kwambiri pa mtanda wake. Popeza pa nyengo yoswana pikoko amalira ngakhale usiku, ndinangotembenuka ndi kukoka bulangete. Kutacha ndinapeza dzenje pansi pa waya, nthenga zili mbwee, thadzi palibe. Akuluakulu poyang'ana mapazi anatsutsana, ena nati nkhandwe, ena nati galu. Ine ndinangokumbukira mawu aja akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pamene ndinali chiimire, mayi a kunyumba anatola mazira aja ndi kukawaika pansi pa nkhuku imene inkafungatira. Tsono ine ndinayamba ntchito imene ndikanayenera kuigwira poyamba, ndipo ndiilongosola pano kuti wina asalire monga ndinalirira ine.

Waya wa nkhuku amatsekereza mbalame kuti zisatuluke, koma saletsa chilombo kuloŵa, pakuti ngwofeŵa. Ndinagula waya wolimba wa timaso ta masentimita 1.3, poti likongwe kapena njoka zikuluzikulu sizingapite. Ndinakumba ngalande kuzungulira khola lonse, yakuya masentimita 30, ndipo ndinakwirira wayayo nditaupindira kunja masentimita 45. Chilombo chimakumba m'tsinde mwenimweni mwa mpanda, choncho chikakumana ndi waya pansi pa zikhadabo zake chimagwa mphwayi. Nsanamira za bulugamu ndinazipaka mankhwala oteteza ku chiswe, chifukwa nsanamira yofumbwa imagwa pamodzi ndi waya wake. Denga linakwera kupitirira mamita 2. Mtanda wogonapo ndinauika mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, ndiponso kutali ndi khoma, kuti nthenga za tambala zisathyoke ndi kuti chilombo chisamfikire kudzera pa waya. Pa chitseko ndinawaka njerwa kunsi kwake ndi kuikapo loko, popeza adani ena amayenda ndi miyendo iŵiri.

Chinandilemera koposa kukumba chinali kulembera atsibweni kalata. Ndinaŵauza zoona, kuti ndinamva kulira koma sindinadzuke.

Patapita milungu iŵiri, anapiye 3 anaswa pansi pa nkhuku ija. Atsibweni atabwera kudzawaona sanayang'ane denga kapena laimu. Anazungulira khola lonse pang'onopang'ono akubaya pansi ndi ndodo yawo, ndipo paliponse ndodoyo inkagunda waya. Atatha anakhala pa mpando, napempha madzi akumwa.

Kuyambira pamenepo, madzulo alionse ndisanaloŵe m'nyumba ndimazungulira kholalo ndi nyale, maso ali pansi. Ndipo pikoko akalira usiku, ndimadzuka.