Za Ulendo Wanga wa ku Chintheche

 Mwezi uno ndifuna kukusimbirani za ulendo umene ndinayenda ku Chintheche, m'mphepete mwa nyanja, ndi za mau amene mai wina wa kumeneko anandiuza. Pakuti ngakhale anawanena kwa ine, ndiyesa kuti eni ake enieni ndinu.

Kalata yondiitana inafika kumayambiriro kwa mwezi wa Ogasiti 2025. Inali yaifupi, yolembedwa ndi dzanja la mwana, koma mau anali a make, akuti: "Asambizi, bwerani mudzaone munda umene munalima." Asambizi ndilo dzina limene Atonga amaitanira mphunzitsi, ndipo ndi momwe ankanditchulira pa zaka zinai zimene ndinagwira ntchito ya ukatekisti pakati pao, ndisanabwerere kwathu ku Nkhotakota m'chaka cha 2023.

Tsono pa 26 Ogasiti ndinalawira m'mamawa, ndi kukwera minibasi yotsata mseu wa M5. Tinaoloka Bua, tinapyola minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, ndipo titaoloka Dwambazi tinalowa m'dziko la Atonga. Kuyambira pamenepo munthu saleka kupenya: kumanzere mapiri a Viphya, kumanja nyanja ikuonekera pakati pa mitengo ya mango, ndipo ponseponse minda ya chinangwa pa mizere yake yaikulu. Pa Tukombo ndi pa Kande amai anadza pa mazenera ndi nthochi ndi usipa wouma. Mwera unali usanaleke, mafunde anali kuswa pa mchenga woyera mbee, ndipo mabwato ambiri anali atakokeredwa kumtunda.

Chintheche lero ndi kamzinda ka msika, masitolo ndi chipatala, pa mtunda wa makilomita ngati 40 kumwera kwa Nkhata Bay. Koma musapeputse malowa, pakuti mbiri yake njaikulu. M'zaka za m'ma 1870 Atonga anamanga malinga kuno pothawa nkhondo ya Angoni. M'chaka cha 1881 Dr Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia anasamuka ku Cape Maclear nadzakhala pa Bandawe, pafupi pomwepa, ndipo manda a ena a iwo alipobe. Iwo anatsegula masukulu ambiri, ndipo Atonga anawakonda koposa. Ndicho chifukwa chake ana a kuno anamveka msanga pa ntchito za ukalaliki ndi za m'migodi, ku Harare ndi ku Joni komwe. Ndiponso m'masiku a Azungu boma la dera lino linali pa Chintheche, lisanasamukire ku Nkhata Bay. Ife Akatolika tinafika mochedwa kumpoto kuno: mishoni ya Katete inatsegulidwa mu 1938, dera la kumpoto linapatsidwa mkulu wake wa Eklezia mu 1947, ndipo dayosizi ya Mzuzu inakhazikitsidwa mu 1961. Chifukwa chake Akatolika a ku Chintheche ngochepa pakati pa anansi ao, ndipo banja limene silisunga chikhulupiriro chake m'nyumba silipeza wina wolisungira.

Nditatsika pa msika ndinayenda pansi kulunjika kunyanja, mpaka ndinaona mtengo wa mango umene ndinali kuufuna. Pansi pa mtengo umenewu mpamene panali sukulu yathu. Lekani ndikuuzeni chiyambi chake.

Mukumbukira kuti m'mwezi wa Malichi 2020 boma linatseka masukulu onse chifukwa cha mliri wa korona, ndipo ana sanabwerereko mpaka Seputembala ndi Okutobala. M'masiku amenewo mai uja anadza kwathu, nakhala pansi pakhomo, nati: "Asambizi, bambo wa ana ali ku Joni, ndipo ndalama zimabwera mwa apo ndi apo. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Ana anga atatu angokhala pa gombe tsiku lonse, ndipo wamkulu wayamba kuiwala ngakhale kuwerenga. Ndichite chiani?" Ine ndinati: "Ama, muwaphunzitse ndinu." Iwo anaseka, nati: "Kodi wakhungu nkutsogolera anzake?" Ndinayankha kuti: "Inu muphunzire Lachitatu, ana aphunzire kwa inu Lachinai."

Ndipo zinatero ndithu. Lachitatu lililonse ndinkafika madzulo ndi phunziro la sabata, mai nkulimvetsa bwino, ndipo masiku otsalawo ankaphunzitsa okha. Njira imene ndinawapatsa sinali yanga ai. Ndinaitenga ku seminale yaing'ono kumene ansembe anandilera. Ndiyo njira ya masukulu akale a Eklezia ku Ulaya, ndipo ili ndi makwerero atatu. Loyamba ndi kusunga: mwana akali wamng'ono mutu wake uli ngati dothi lonyowa, chilichonse chimamera; tsono asunge pamtima mapemphero, mayankho a katekisimu, mawerengero, maina a mitsinje ndi maiko, ndi malamulo a chinenero. Lachiwiri ndi kufunsa: atasinkhuka, asakhutire ndi kubwereza chabe, koma anene chifukwa chake chinthu chili chotero. Lachitatu ndi kulankhula: aimirire pamaso pa anthu, nafotokoze zimene adziwa mwadongosolo ndi mwaulemu, kuti womva apindule.

Zipangizo zathu zinali zosauka. Bolodi linali mchenga wa pabwalo, choko chinali kamtengo. Kuchulukitsa ndi kugawa anaphunzira ndi milu ya usipa pa thandala, monga amachitira ogulitsa. Pofuna kudziwa kutalika kwa chaka cha Eklezia, anajambula bwalo pansi naika miyala pa Adventi, pa Khrisimasi, pa Lenti ndi pa Pasaka. Nthawi zina ndinkawapatsa mau awiri atatu a Chilatini, monga mater, amai, aqua, madzi, ndi panis, mkate, ndi kuwasonyeza kuti mau ambiri a Chingerezi muzu wake uli m'menemo. Ana ankakondwa nazo ngati apeza ndalama m'njira. Madzulo, atadya kondowole, banja lonse linkapemphera korona, ndipo mwana mmodzi ankasimba mbiri ya woyera mmodzi: lero Kizito, mnyamata wa ku Uganda amene anafera Kristu mu 1886, mawa Yohane Bosko, amene anaphunzira katekisimu kwa make wosadziwa kulemba.

Masukulu atatsegulidwa ana anabwererako, monga kuyenera. Koma sukulu ya pansi pa mango sinatsekedwe. Ndipo musayese kuti ndinali ndekha. Akristu a mumphakati ankasonkha makobidi a makope ndi mafuta a nyale. Asisitere ena anabwereka banjali mabuku a mbiri za oyera. Ndiponso mkulu wina wa mpingo wa CCAP, mphunzitsi wopuma pa ntchito, ankabwera Loweruka kudzathandiza masamu, osafuna malipiro. Ankati makolo ake anaphunzira ulere pa Bandawe, nanga iye agulitse bwanji? Indedi, mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chiyeso chachikulu chinadza mu 2022. Ndalama za ku Joni zinaleka kwa miyezi yambiri, ndipo m'nyumba munalowa usiwa. Pomwepo mwini chilimira wina anaitana mnyamata wamkulu kuti azipita nawo usiku kukagwira usipa ndi nyali. Inu a kunyanja mudziwa m'mene zimathera: mwana akalawa ndalama ya pa gombe, m'kalasi amagona, ndipo posachedwa kope limasanduka chokulungira nsomba. Usodzi si tchimo, pakuti Petro ndi Andrea anali asodzi. Koma kanthu kali konse kali ndi nyengo yake. Mnyamata anaumirira, nati afuna kuthandiza make. Mai sanamkalipire. Anangomuuza kuti: "Unaphunzira kunena chifukwa, tsono Lamulungu ukaime pamaso pa mphakati, ukanene chifukwa chake uyenera kusiya sukulu." Mnyamata anakonza mau ake masiku atatu, nawerengera pa mchenga ndalama za usodzi wa chaka chimodzi, kuchotsapo miyezi ya mwera ndi usiku wa mwezi wowala pamene usipa subwera ku nyali. Lamulungu litafika anaimirira, nati: "Ndawerengera, ndipo ndaona kuti mlandu wanga ngwogwa." Anthu anaseka, koma make analira. Kuyambira tsiku limenelo mai anaonjeza ntchito, naviika chinangwa chambiri, nasenza ufa kukagulitsa ku msika, kufikira bambo anapezanso ntchito.

Mnyamata yemweyo ndiye analemba kalata ija. Wakhoza mayeso a Sitandade 8, ndipo wasankhidwa kupita ku sekondale.

M'mawa mwake, pa 27 Ogasiti, tsiku la Monika Woyera, titatha mapemphero, anthu a mumphakati anasonkhana pansi pa mango. Mai anayala mphasa, naikapo dengu la ufa wa kondowole, mbale ya usipa ndi tambala womangidwa miyendo. Anagwada, nalankhula mau awa, amene ndinawalemba usiku womwewo kuti ndingawaiwale:

"Asambizi, ndi inu nonse abale anga, yewu. Ine sindithokoza chifukwa cha mayeso okha, pakuti mayeso ena amakhoza, ena amalephera, ndipo onse ndi ana a Mulungu. Ndithokoza chifukwa simunandilande ana. Mukadawatenga kukawaphunzitsa kwanu, bwenzi lero ali anzeru, koma akundiona ine ngati mbuli ya kukhitchini. Inu munaphunzitsa ine, kuti iwo amwe kwa mai wao. Zaka zisanu zapita, ndipo palibe sabata imene ndinasowa wondifunsa kuti phunziro layenda bwanji. Ngakhale mutachoka, makalata anu sanaleke. Tsopano ndimawerenga ndekha Mthenga Wabwino, ndipo bambo wao akaimba foni ndimawafotokozera zimene ana aphunzira. Ndilibe chobwezera, landirani kaufa aka."

Abale anga, ndiulule kwa inu chimene ndinabisa nthawi yaitali. Pamene ndinachoka ku seminale osafika pa unsembe, ndinabwerera kumudzi ndi manyazi, ndipo zaka zambiri ndinkadzifunsa kuti: nanga Chilatini chija, ndi mabuku onse aja, phindu lake nchiani kwa munthu woyenda pa njinga m'midzi? Yankho ndinalimva tsiku limenelo pakamwa pa mai wa ku Chintheche. Mbeu imene ansembe anafesa mwa ine sinali ya ine ndekha. Mulungu anali ataikonzera kale munda wina.

Taonani tsono Monika Woyera, mai wa mu Afrika muno, wa ku Thagaste. Mwana wake Augustino, wobadwa mu 354, anaphunzira m'masukulu omveka a ku Carthage, naposa anzake pa luso la kulankhula, koma anasokera. Make sanaleke kumpempherera ndi kumtsata, kufikira anabatizidwa ku Milan mu 387 ndi Episkopi Ambrozio. Pamenepo panali mai, panalinso wothandiza mai. Ndipo Eklezia anapata mmodzi wa aphunzitsi ake aakulu. Momwemonso Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha 1965 chonena za maphunziro achikristu, unaphunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana ao, ndi kuti sukulu ndi Eklezia alipo kuti awathandize.

Chifukwa chake ndikupemphani zinthu zitatu. Inu makolo, musanene kuti sindinaphunzire. Patulani kanthawi madzulo alionse, mufunse mwana chimene waphunzira, ndipo akufotokozereni kufikira inunso mutamva. Inu a mumphakati, yang'anani nyumba imene bambo ali kutali kapena anamwalira, ndipo musadikire kuti adzakupempheni. Inu amene munapita patali ndi sukulu, musakwirire nzeru zanu. Sankhani banja limodzi, mulitsate chaka ndi chaka, pakuti kuthandiza kwa tsiku limodzi kuli ngati mvula ya chizimalupsa, imene sibzalitsa mbeu. Kumbukirani kuti m'mera mpoyamba.

Ndinachoka ku Chintheche m'mawa wa tsiku la Augustino Woyera, tambala ali m'khwapa, dengu lili pamutu pa mnyamata amene anandiperekeza ku msika. Podutsa pansi pa mango ndinaona mlongo wake wamng'ono atagwada pa mchenga, akulembera ana awiri a nyumba yoyandikana zilembo zoyamba. Mwera unali utagona usiku umenewo, ndipo mabwato anali kubwerera kumtunda.

Muwapempherere a m'banja limeneli, makamaka bambo amene ali kutali, kuti abwerere ndi moyo, mundipemphererenso ine. Maria Virigo Woyera, amene analera Mwana Yezu m'nyumba ya ku Nazareti, asunge mabanja anu onse.

Ndine wanu mwa Kristu,
Katekisti wa ku nyanja