Ka Vitz ka msuweni wanga ndi nkhani ya matayala

 Lero za mainjini a Yamaha ndaziika pambali. Ndikufuna tikambe za matayala a galimoto, chifukwa ambiri a ife usipa ukangoyenda bwino miyezi ingapo, maso amakhala ali pa Be Forward, ndipo timalota timagalimoto tija tofupika tothamanga: Vitz RS, Swift Sport, Fit RS. Kugula timagula ndithu. Koma kagalimoto kakadutsa pa Songwe n'kufika pakhomo, ndalama imakhala itathera ku msonkho ndi mapepala, ya matayala n'kukhala yotoleratolera. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chikuluma. Ndiye munthu wa ndalama yochepa amaima pakati pa zinthu ziwiri: tayala la kaunjika la dzina lalikulu, kapena latsopano la dzina loti anzako akuseka.

Wina afunsa kuti makaniko wa maboti akudziwapo chiyani za msewu. Chimene ndimachidziwa ine ndi mphira. Mu injini ya boti muli impela, kamphira kamene kamakoka madzi oziziritsa injini. Impela ikhoza kukhala m'paketi zaka zambiri osagwirapo ntchito, kuiona ngati yatsopano, koma mphira wake atauma. Mukaiika, timapiko timathyoka, injini n'kutentha muli pakati pa nyanja. Mphira amakalamba ngakhale akungokhala. Tayala nalonso ndi chimodzimodzi.

Nkhaniyi ndaiona pa msuweni wanga, mwana wa azakhali. Iyeyu anakwatira ku Mitundu ndipo amagulitsa usipa kumeneko ndi pa Nathenje. Usipa wambiri amatenga kwa bambo anga. Chaka chino anagula Vitz RS ya injini ya 1.5, malimu a 16, matayala a 195/50R16. Nditapita ndi katundu wake ndinapeza tayala limodzi lakutsogolo lili ndi chotupa m'mbali ngati dzira la nkhuku, ena atatu atang'aluka timing'alu ngati chidendene cha mlovi. Iye maganizo ake anali oti achotseretu zonse, aike malimu a 17 ndi matayala opyapyala a 205/40R17 a kaunjika, amene anawaona m'tauni. Mlamu wanga, mkazi wake, ndi woyembekezera, ndipo masiku ake akugwera nthawi ya mvula. Galimoto yodzamuthamangitsira ku chipatala cha Mitundu usiku, kapena ku Bwaila akadzawatumiza, ndi yomweyi.

Ndinamufunsa kuti, “Asuweni, pa sabata galimotoyi imayenda kuti?”

Amene simunafikeko mvetserani. Kuchoka m'tauni ya Lilongwe mumatsika M1, pa Bunda Turn-off n'kukhotera msewu wa ku koleji ya Bunda, womwe umakufikitsani ku Mitundu. Nathenje ali pa M1 penipeni, njira ya ku Dedza. Phula lilipo, inde, koma iye sakhala pa phula. Nyumba yake ili mkati, ndipo makasitomala ena amawatsatira m'midzi, m'njira zafumbi za ngolo, zamiyala ndi zokumbika. Pa phula pomwepo pali maenje, mahampu, akabaza, ng'ombe ndi ana a sukulu. Tsiku la msika anthu amadzaza mpaka mumsewu. Malo othamangitsira galimoto palibe. Malo ofunika kuima mwadzidzidzi ndiye ali paliponse.

Tinakhala pansi ndi foni n'kuwerengera. Pa 195/50R16, 195 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. 50 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi theka la 195, ndiye pafupifupi mamilimita 98. 16 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Pa 205/40R17 amene iye ankafuna, khoma limatsika kufika pa 82. Pa 185/60R15 limakwera kufika pa 111. Khomali ndi limene limameza dzenje. Likafupika, tayala limapanikizika pakati pa limu ndi mlomo wa dzenje, ulusi wa mkati n'kuduka, chotupa chija n'kutuluka, nthawi zina limu n'kupindika. Chotupa sichimatidwa. Aliyense wokuuzani kuti achimata akungofuna ndalama yanu.

Chosangalatsa n'choti msinkhu wa tayala lonse sukusintha kwenikweni. 195/50R16 ndi pafupifupi mamilimita 601, 185/60R15 ndi 603. Ndiye mita ya liwiro siyamba kunama, galimoto sikwera kapena kutsika, tayala silikhula. N'chimodzimodzi pulopela: sumangoika iliyonse chifukwa yalowa pa shafiti, umaona ngati ikugwirizana ndi injini ndi katundu wa boti.

Mawa lake tinalowa m'tauni. Pa malo ena ogulitsa matayala a kaunjika, mnyamata anatitulutsira anayi a Bridgestone, mano ataliatali, timizere tambirimbiri tokhotakhota. “Biggie, awa ndi a ku Japan enieni, onani mano. Chaka chonse simubweranso.” Msuweni wanga dzanja linali litalowa kale m'thumba. Ine ndinagwada n'kuwerenga m'mbali: Blizzak, Studless. Amenewa ndi matayala a chipale chofewa, a nyengo yozizira ya ku Japan. Anzake ndi Yokohama iceGUARD ndi Dunlop Winter Maxx, ndipo magalimoto ambiri amafika nawo kuno. Mphira wake ndi wofewa dala kuti agwire pa ayezi. Pa phula lotentha la October amadyeka msanga, galimoto imayandama pokhota, ndipo pa mvula imatenga mtunda wautali kuti iime kusiyana ndi ya matayala wamba. Dzina ndi lalikuludi, koma ntchito yake si ya kuno.

Kenako ndinafufuza manambala anayi. Pa matayala ambiri pamakhala zilembo zoyamba ndi DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi m'kabokosi kozungulira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Pa amenewa panali 1214, sabata ya 12 ya 2014. Zaka zoposa 10. A Michelin eni ake amalangiza kuti tayala likapitirira zaka 5 lizipimidwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano akadalipo. Ndinamuonetsa mnyamata uja. Anangoseka n'kunena kuti, “Aaa, inu mwabwera ndi sukulu.”

Kunena zoona, si onse ogulitsa kaunjika amene ali akuba, ndipo tayala labwino la kaunjika limapezeka. Vuto ndi loti mbiri yake simuidziwa. Linayendapo lopanda mpweya? Linamenya chiyani? Ngati thumba lakukanikizani mpaka mugule lomwelo, musagule lili pa limu. Lowetsani dzanja mkati mufufuze zigamba, makamaka cham'mbali. Pindani khoma muone ngati likuonetsa ming'alu. Onani m'ngalande za mano: muli timabampu ting'onoting'ono ta mamilimita 1.6, ndipo mano akalingana nato ndiye kuti tayala latha. Timabampu timeneti tikasowa, ngalande n'kumaoneka zosongoka mwatsopano, dziwani kuti wina wachita kusema ndi mpeni wotentha. Limenelo lisiyeni, waya ali pafupi.

Za ngalandezi ife a kunyanja sitifunika kuuzidwa kawiri. Mukudziwa mmene boti la injini yaikulu limanyamukira likathamanga, n'kumayenda pamwamba pa madzi. Pa boti n'zokoma. Pa galimoto ndi imfa. Tayala lililonse limagunda pansi malo aakulu ngati chikhatho basi, ndipo ntchito ya ngalande ndi kutaya madzi kuti chikhathocho chikhudze phula. Ngalande zikachepa, madzi amalowa pansi, tayala n'kuyandama. Chiwongolero chimapepuka, buleki osamva. Mvula yoyamba ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa imasakaniza fumbi ndi mafuta amene akhala pa msewu chilimwe chonse.

Ndiye tinapita kwa ogulitsa atsopano. Michelin, Bridgestone ndi Continental atsopano tinangowapatsa moni, mtengo wake si wa wogulitsa usipa. Pakati pali a ku Korea monga Hankook, Kumho ndi Nexen, ndi Maxxis wa ku Taiwan. Pansi pali a ku China: Linglong, Triangle, Sailun, Westlake ndi ena. Sindikunamizani kuti la ku China latsopano likufanana ndi Michelin watsopano, ayi. Koma mpikisano wa m'thumba mwathu si umenewo. Wathu ndi wa tayala lotchipa la chaka chino ndi tayala la dzina la zaka 10, ndipo pamenepo ine ndimatenga la chaka chino.

Ngakhale pa otchipawo pali kusankha. Pambuyo pa saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 84H. 84 ndi katundu: makilogalamu 500 pa tayala limodzi. 82 ndi 475, 88 ndi 560. Chilembo ndi liwiro limene tayala lingapirire: T ndi 190, H ndi 210, V ndi 240. Palibe amene afike pamenepo pa msewu wa Bunda, koma tayala la chilembo chapamwamba limapiriranso bwino kutentha. Ambiri amalembanso Traction ndi Temperature. Traction ndi kagwiridwe pomanga buleki pa msewu wonyowa: AA, A, B, C. Temperature ndi kupirira kutentha: A, B, C. Ife tinagwirizana kuti C sitimufuna, ndipo Traction isatsike pa A. Tinakananso kusakaniza matayala a mitundu yosiyana pa ekiselo imodzi.

Mapeto ake zinayenda chonchi. Malimu a 16 aja anawagulitsa kwa mnyamata wina wa m'tauni amene ankawasirira. Pa ndalamayo tinapeza malimu a 15 a mabowo anayi, 4x100, ndipo tisanalipire tinayesa limodzi kutsogolo ndi kumbuyo kuti tione ngati silikukhula mabuleki. Musadumphe zimenezi, timagalimoto tina ta sport tili ndi mabuleki aakulu oti limu laling'ono sililowa. Tinagula matayala anayi atsopano a ku China, 185/60R15 88H, opangidwa chaka chomwechino. Tinapangitsa balansi ndi alayimenti tsiku lomwelo, chifukwa galimoto yoyenda m'maenje miyendo imakhala itapotoka, ndipo imatha kudya tayala latsopano mbali imodzi miyezi yochepa. Phindu lina ndi loti saizi ya 15 imapezeka msanga kuposa 195/50R16, yomwe nthawi zina umazungulira nayo tauni yonse.

Chimene anataya chilipo, sindibisa. Kagalimoto sikakuonekanso kaukali ngati kale. Pokhota mwamphamvu kamagonera pang'ono, chiwongolero sichiyankha msanga ngati pa matayala opyapyala. Anzake a pa Mitundu anamuseka kuti RS yasanduka galimoto ya abusa. Tsiku limenelo sanandilankhule bwino, mpaka madzulo pa nsima anati, “Asuweni, mwandivula suti mwandiveka gamubutsi.” Mlamu ndi amene anayankha kuti ku munda sapita ndi suti. Mwina wokhala ku Area 47 woyenda pa phula lokhalokha akhoza kusunga 16 wake, palibe cholakwa. Koma wa njira za ku Mitundu ayenera kugulira njira zimene amayendamo.

Zotsalazi ndi zaulere, koma ndi zimene zimapha matayala ambiri. Mpweya woyenera walembedwa pa kapepala ka pa chimango cha chitseko cha dalaivala. Pimani m'mawa matayala asanatenthe, ndi geji, osati kumenya ndi phazi. Tayala lochepa mpweya limapindikapindika, limatentha, kenako limaphulika, ndipo pa dzenje silichedwa kutupa. Usipa wouma supweteka galimoto, koma nthawi yokolola musasandutse Vitz kukhala lole: matumba asanu a chimanga ndi makilogalamu 250, musanawerenge anthu. Ngati ndalama yakwana matayala awiri okha, opanga matayala amalangiza kuika atsopanowo kumbuyo, ngakhale galimoto ikukoka ndi kutsogolo, chifukwa kumbuyo kukaterera pa mvula galimoto imazungulira ndipo dalaivala wamba sangaibweze. Kasipeya kaja kowonda n'kongokufikitsani pokonzetsa, musapitirire nako 80, ndipo nakonso kamafuna mpweya.

Tonse tinakula tikuona abambo athu akusoka chilimira masana onse asanalowe m'madzi, ndipo palibe amene ankati akutaya nthawi. Ndiye nanunso amene muli ndi kagalimoto, kapena mukudikira kanu kali pa Dar es Salaam, mawa m'mawa gwadani pa tayala lililonse muwerenge manambala anayi aja ndi dzina lake. Mukapeza Studless kapena chaka chakalekale, yambani kusunga ndalama mvula isanagwe. Mukakanika kuwerenga, jambulani munditumizire, ndikuthandizani ndikatsika ku doko.

Tumizirani anzanu a timagalimoto.