Nyemba za pa Chambe

Amene anayambitsa ulendowu ndi mwana wanga wachisamba, ndipo anauyambitsa ndi mawu olasa. Tsiku lina madzulo ankandifotokozera za mayeso ake a Fomu 4, ine ndikungoti "eya, eya" maso ali pa foni, ndikuyankha mafunso pa gulupu ya WhatsApp ya azaumoyo a kumpingo kwathu. Mtsikanayo anangokhala chete, kenako anati, "Amayi, ndikulembereni meseji kapena? Mwina mundimva msanga." Ndinaseka, koma usiku umenewo tulo tinandithawa. Ndine amene ndimaima kutsogolo kwa anthu pa Sabata masana n'kumaphunzitsa za kudziletsa ndi kupumula. Chonsecho ndinkagona cha m'ma 12 koloko usiku foni ili pamtsamiro, ndipo m'mawa ndinkaigwira ndisanatsegule Baibulo.

Mayeso atatha, tinagwirizana kuti tikakwere phiri la Mulanje awiriwiri, masiku atatu, mafoni ali ozima. Tinanyamuka Lamlungu lina mu Ogasiti, kukali mbandakucha. Minibasi ya ku Limbe inatidutsitsa msewu wa Midima mpaka pa Chitakale, pamene tinakwera njinga zamoto za kabaza kupita ku Likhubula. Kumeneko kuli ofesi ya zankhalango, ndipo ndi kumene munthu amapeza womutsogolera ndi womunyamulira katundu. Bambo a kunyumba ndinawatumizira nambala ya mnyamata wotitsogolerayo kuti kukagwa zadzidzidzi atipeze. Kenako ndinazimitsa foni yanga ndi ya mwana, n'kuzikulunga m'jumbo, n'kuzikankhira pansi pa ufa ndi nyemba m'chikwama. Ndisaname, netiweki imagwira m'malo ena paphiripo. Nkhani yozimitsa inali yosankha tokha.

Tinakwera njira ya Skyline. Dzinali linachokera ku chingwe chachitsulo chimene kale ankatsitsira matabwa kuchokera pamwamba. Ndi njira yachidule yopita ku Chambe, koma ndi yotsetsereka kwambiri, ndipo kwa mayi wa zaka zanga imafuna kupuma kawirikawiri. Pa kupuma kulikonse dzanja langa linkapita lokha m'thumba la siketi, n'kupeza mulibe kanthu. Mwana wanga anayamba kundiwerengera. Tisanafike theka la njira anali atafika pa 11. Kawiri konse ndinamva ngati foni yanjenjemera pantchafu, pamene inali kumsana kwa munthu wina, pansi pa ufa.

Zimenezi ndimazidziwa m'mabuku, koma kuziona pathupi langa kunandichititsa manyazi. Ubongo umatulutsa timadzi totchedwa dopamine pamene ukuyembekezera chinthu chosangalatsa, makamaka ngati sukudziwa kuti chibwera liti ndipo chikhala chotani. Foni imadyerera pomwepo. Ukaitsegula mwina upeza uthenga wabwino, mwina kanema woseketsa, mwina palibe, ndipo "mwina" ameneyu ndi amene amakubwezera. Facebook ndi TikTok zilibe tsamba lomaliza ngati buku. Ukatsitsa chala, china chabwera kale. Munthu akazolowera kulandira kanthu katsopano mphindi iliyonse, zinthu zimene zimafuna kudikira zimayamba kumutopetsa, ngakhale nkhani ya mwana wake.

Tinafika pa nyumba ya alendo ya Chambe dzuwa litapendeka, miyendo ikunjenjemera. Nyumbayi ili m'dambo lalikulu la pamwamba, ndipo kutsogolo kwake kwaima thanthwe la Chambe, lotuwa, losalala, lalitali moti khosi limawawa poliyang'ana. Magetsi kulibe. Kuli bambo wina wachikulire wosamalira nyumbayo, amene anatisonkhera moto n'kutitungira madzi a mumtsinje ozizira ngati a mufiriji.

Apa ndi pamene nyemba zinandiphunzitsa ulemu. Ndinaiwala kuziviika, ndipo ndinazitereka pamoto cha m'ma 3 koloko ndikuganiza kuti pofika 5 koloko tikhala tikudya. Pamalo okwera chonchi mpweya ndi wopepuka, choncho madzi amawira asanafike pa madigiri 100, ndipo chakudya chimachedwa kupsa ngakhale mphika ukubwata mwamphamvu. Ndinavundukula kambirimbiri, kutapa imodzi, kuifinya, ili gwa. Bambo aja ankangondiyang'ana. Pomaliza anati, "Mayi, mukamavundukula pafupipafupi ndiye mukuzichedwetsa. Khalani pansi, zipsa zokha." Ndinakhala pansi. Kunyumba nthawi yodikira ngati imeneyi ndikanaimeza ndi foni osaimva n'komwe. Pano ndinali ndi moto, utsi, mphepo yozizira yolowera pakhomo, ndi mwana wanga atakhala pambali panga atafunda chitenje.

Kwa kanthawi tinasowa chokamba, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa miyendo. Kenako anayamba ndi zazing'ono, za anzake a kusukulu, za mphunzitsi wa masamu. Mdima utagwira anati, "Amayi, unamwino ine sindikuufuna." Kuyambira ali Sitandade 8 ndakhala ndikuuza aliyense kumpingo kuti mwana wanga adzakhala namwino. Iye akuti mtima wake uli pa zaulimi, ndipo wakhala akufuna kundiuza kwa chaka chathunthu, koma nthawi iliyonse akayamba, foni inkalira kapena ine ndinkaitenga ndekha. Ndinamva kutentha m'chifuwa. Ndikuvomereza kuti dzanja linapitanso m'thumba, ndipo ndi pamenepo ndinazindikira kuti foni yakhalanso pothawira panga nkhani ikafika povuta. Tsiku limenelo pothawira panalibe. Ndinamufunsa chifukwa chake, iye n'kufotokoza, ine n'kutsutsa pang'ono, iye n'kufotokozanso. Nyemba zinapsa cha m'ma 7 koloko tisanamalize. Zinali ndi mchere ndi tomato basi, koma tinanyambita mbale.

Pofika 8 koloko tinali titagona. Kuwala kwa foni ndi mababu usiku kumachedwetsa melatonin, timadzi timene timauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Pa Chambe moto ukazirala ndi mdima weniweni, ndipo thupi silichita kukakamizidwa. Ndinadzuka kamodzi pakati pa usiku kutuluka panja, n'kuona nyenyezi zothithikana ngati mapira oyanikidwa pamphasa. Kuzizira kunandibweza msanga m'nyumba. M'mawa ndinadzuka ndekha kusanache bwino, mutu uli wopepuka, chinthu chimene ndinali nditachiiwala.

Lolemba tinangoyendayenda m'dambomo. Ku Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi muno, ya mamita 3,002, sitinayerekeze n'komwe. Mnyamata wathu anatiuza nthano za mizimu ya kumeneko zimene anamva kwa agogo ake, ine n'kumuuza zimene ndimakhulupirira, tinaseka n'kupitiriza ulendo. Chimene chinandikhudza ndi mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe umamera pa phiri lokhali. Matabwa ake amanunkhira ndipo chiswe sichiwadya, n'chifukwa chake anthu anaudula mpaka kutsala pang'ono kuutheratu. Tinaona zitsa zakuda ndi moto, ndipo pena timitengo tobzalidwa chatsopano, tofika m'mawondo. Mwana wanga anagwada n'kumafunsa mafunso amene ine sindikanawaganiza: mbewu zake amazitola liti, n'chiyani chimapha mbande zambiri, moto kapena chilala. Mnyamatayo anati iye wabzalako yambiri, koma sadzaiona itakula ngati imene anaidula anthu. Ndinaima kumbuyo kwawo ndikumvetsera mwana amene ndinkati ndimamudziwa.

Masana chifunga chinatsika mwadzidzidzi n'kuphimba thanthwe lonse, moti tinabwerera kunyumba ija mofulumira. Amene akufuna kukwera phirili asanyengedwe ndi dzuwa la m'mawa. Atenge juzi yokhuthala ndi chodzitetezera kumvula, ndipo asayende popanda womutsogolera. Nyemba za tsiku limenelo tinali titaziviika usiku wonse.

Lachiwiri tinatsika njira ya Chapaluka, yotalikirapo koma yofatsa, imene imatsata mtsinje mpaka pa Dziwe la Nkhalamba. Tinaviika mapazi m'madzi mpaka anachita dzanzi. Chithunzi sitinajambule ngakhale chimodzi, ndipo pamenepa pokha ndimadandaula pang'ono.

Ku Likhubula ndinafukula foni, ufa uli mbuu pa jumbo. Itayaka inalira kosalekeza, mauthenga oposa 300. Ndinawawerenga m'minibasi, ndipo ambiri anali mavesi otumizirana, zithunzi za maluwa, ndi mkangano wa tsiku la msonkhano umene unatha wokha. Umodzi wokha unali wolemera. Mayi wina wachikulire amene ndimamuyeza BP mwezi ndi mwezi anagwa Lolemba m'mawa, ndipo mwana wake anandiimbira kanayi osandipeza. Mnzanga wina wa m'gulu lathu ndi amene anathamanga nawo kuchipatala. Ndinapita kukawaona Lachitatu, ndinawapeza atakhala tsonga akumwa phala. Anandifunsa kumene ndinali, ndinawauza, ndipo anati, "Kuphiri? Pa msinkhu wanuwo?"

Nkhani ya sukulu tikukambiranabe, bambo ake sanaimvetse bwinobwino. Timaikamba madzulo pa chakudya, mafoni onse atatu ali m'kabati ya mbale.