Ndinagula Kuchuka ndi Makutu Anga

Tsiku lina madzulo, dzuwa litapendeka, ndinakhala pakhonde ndi mdzukulu wanga wamkazi amene ali mu Giredi 4. Iye anali kundiwerengera nthano ya m'buku lake la kusukulu, ine ndiri kugwedeza mutu monga munthu womvetsera. Atafika pakati anaima nandifunsa funso, ndipo ine ndinayankha kuti, "Inde, mayi." Mwanayo anatseka buku, nandiyang'ana kumaso nthawi yaitali, nati, "Ambuya, ndafunsa kuti kalulu anabisala kuti. Kodi simundimva?" Ndinasowa coyankha, pakuti zoona zake n'zakuti pa mau khumi alionse a mwanayo ndinali kutolapo atatu kapena anai. Otsalawo anali kumira m'phokoso lina longa la nyenje za m'cilimwe, limene lakhala likulira m'mutu mwanga usana ndi usiku kuyambira caka ca 1977. Ndifuna ndikuuzeni, awerengi, kumene nyenje zimenezi ndinazitenga.

Ine ndinabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Katete. Amalume anga anali namkungwi wa ng'oma m'dera lathu lonse, ndipo nchito yanga pa ubwana inali kusonkha moto wa udzu woti awambirepo ng'oma gule asanayambe. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuti cikumba cozizira siciyankhula, ndi kuti phula locepa kapena locuruka pakati pa ng'oma limasintha mau ake. M'caka ca 1971 ndinakwera basi ya UBZ, ndinaoloka Luangwa, ndi kukafika ku Lusaka kumene mbale wina anandipezera malo m'kasitolo kokonza mawailesi. Kumeneko ndinamva koyamba malekodi a Jimi Hendrix, woimba gitala wa ku America amene anali atamwalira caka capambuyo, mu 1970. Sindinakhulupirire kuti cimene cinali kulira motero ndi gitala. Cinali kubangula, kulira maliro ndi kuseka pa nthawi imodzi, ndipo mtima wanga unagwidwa pomwepo.

Sindinali ndekha. Anyamata a kunjanji ndi a kumigodi anali atayamba kusakaniza maimbidwe amenewa ndi magule a kwathu, ndipo nyimbo zake zinachedwa Zamrock. Kunali Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya. Kunali WITCH ya ku Kitwe ndi mtsogoleri wake Jagari Chanda, imene inatulutsa lekodi ya Lazy Bones!! mu 1975, kunali Amanaz ndi lekodi yao ya Africa m'caka comweco, kunalinso Paul Ngozi ndi Ngozi Family, amene gitala wake anali kuwawa ngati tsabola. Malekodi anali kudindidwa ku Ndola ndi kampani ya Teal, ndipo capakati pa zaka zimenezo Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Mnyamata aliyense amene anadziwa kugwira nsambo zitatu anaona ngati tsogolo lamutsegukira. Ife tinasonkhana asanu, ndipo mwini bawa wina anatigulira zipangizo kuti tizimuimbira Lacisanu ndi Loweruka. Dzina la bandi lathu silinafike pa lekodi, conco palibe cifukwa coti ndilichule.

Pakati pa zipangizozo panali ampulifaya ya mavalavu ya mawati 100, yocokera ku Mangalande, yokhala pamwamba pa bokosi lalikulu la masipika anai. Mtundu umenewu unachuka cifukwa ca Jim Marshall wa ku London, amene anayamba kupanga maampulifaya mu 1962, ndipo pofika 1965 anali kupanga a mawati 100 cifukwa oimba anali kudandaula kuti samveka m'maholo akulu. Kwa inu amene simunaonepo valavu, ganizirani galasi la nyale ya mafuta, koma lalifupi ndi lotsekeka, lopanda mpweya m'kati. M'menemo muli kawaya kamene kamafiira magetsi akalowa, ndi tizitsulo tina topyapyala. Nsambo ya gitala ikagwedezeka pamwamba pa maginito, pamabadwa timagetsi tating'ono kwambiri, toti sitingasunthe ngakhale nthenga. Timagetsi timeneti tikafika mu valavu timalamulira magetsi amphamvu, monga momwe mwana wamng'ono amatsegulira ndi kutseka mlimbo wa madzi ku dimba: mphamvu si yake, koma madzi onse amamvera dzanja lake. Ndipo monga ng'oma ya amalume, ampulifaya yotere siyankhula iri yozizira. Umayatsa, nudikira kanthawi kuti mavalavu atenthe, kenaka ndi pamene umaiuza kuti iimbe.

Mwina mudzafunsa kuti, nanga cinakukakamizani kukweza kwambiri n'ciani? Yankho lake liri m'cibadwa ca valavu. Ukaika kakonono ka mau pa 2 kapena pa 3, gitala amamveka woyera bwino koma wowonda, ngati nsima yopanda ndiwo. Ukakapotoza kufika pa 7 kapena 8, mavalavu amapatsidwa katundu woposa msinkhu wao, ndipo m'malo mokana amayamba kusasa mau mokoma, monga mmene mau a mlaliki amasasira uthenga ukamugwira. Pamenepo nsambo imodzi imalira nthawi yaitali osazirala. Ukakhudza pang'ono imanong'ona, ukakanda mwamphamvu imabangula, ndipo ukayandikiza gitala ku masipika, mphepo ya masipikawo imagwedezanso nsambo, mau nazungulira okha popanda kuwakhudza. Maampulifaya ambiri a masiku amenewo analibe njira yopezera kukoma kumeneku motsitsa. Kuti upeze uciwo unayenera kulowa m'phokoso lonse. Ndiponso m'maholo athu munalibe masipika ena otumiza mau kwa anthu, kotero kuti bokosi lomwelo limene linali kumbuyo kwa miyendo yanga ndilo linayenera kufikira munthu wa pakhomo.

Sindidzanama kuti zinali zowawa. Palibe cinthu cina pa moyo wanga cimene cinandipatsa mphamvu yonga imeneyo. Ndikamenya nsambo zonse pamodzi, buluku linali kupepheruka m'miyendo, pansi pa thabwa panali kunjenjemera, ndipo kulirako ndinali kukumva m'nthiti ndi m'mano. Anthu mazana anali kudumpha pa kugwedeza kwa cala canga, ine mwana wosonkha moto wa ku Katete. Koma panali nkhondo ina imene ovina sanaione. Ndikakweza ine, wa besi anali kunena kuti sadzimva, nakweza. Wa ng'oma anali kumenya mpaka timitengo kuthyoka. Woimba anali kukuwa mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, ndipo ine, poona kuti ndamizidwa, ndinali kubwereranso kukakonono. Pofika pakati pa usiku tonse tinali pa mapeto, ndipo palibe amene anali kumva mnzake.

M'caka ca 1976 amalume anabwera ku Lusaka kudzaona abale, ndipo ndinawatenga monyadira kuti akaone pokonzekera pathu. Anakhala pa kreti ya mabotolo, namvetsera nyimbo imodzi yathunthu manja ali m'makutu. Titatuluka panja anandiitanira pambali nati, "Mphwanga, ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Yanga ikang'ambika ndimapha mbuzi ndi kukunganso. Koma iyi yako ndaiyang'anitsitsa, ilibe cikumba coti cing'ambike. Tsono cidzang'ambike n'ciani?" Ine ndinaseka, ndi kuwauza kuti za m'tauni sangazimvetse. Mau a akulu akoma akagonera.

Zizindikiro zinalipo, koma ndinaziyesa ulemu wa nchito. Tikaweruka m'bandakuca, makutu anali kulira ndipo mau a anzanga anali kumveka ngati ocokera m'mtsuko. Poyamba zinali kutha ndikagona. Pambuyo pake zinayamba kufika Lolemba, kenaka Laciwiri. Tsiku lina mu 1977 tinaimba m'holo ina ya malata, ya makoma a simenti, kuyambira masana pa dansi ya acinyamata mpaka tambala woyamba. Pa nsanja panali pothina, conco bokosi la masipika analikweza pa tebulo, molunjika khutu langa la kumanzere, mtunda wosapitirira mkono umodzi. Ndinaima pamenepo maola oposa khumi. M'mawa mwake nyenje zinayamba, ndipo ndinadikira Laciwiri kuti zileke. Laciwiri limenelo ndikali kulidikira kufikira lero.

Bandi lathu silinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa capakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zinasowa, ndipo valavu imodzi ikapsa tinali kuyendayenda miyezi kufuna ina. Mu October 1978 asilikali a Rhodesia anaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa Lusaka, ndipo m'nyengo imeneyo kuyenda usiku kunali kuletsedwa kawirikawiri, madansi nazirala. Eni mabawa anaona kuti disko ya munthu mmodzi ndi malekodi ake njochipa kuposa anyamata asanu ofuna malipiro ndi cakudya. Pambuyo pake kalindula anatenga malo, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a m'badwo wathu. Paul Ngozi anatisiya mu 1989. Ine pamenepo ndinali nditabwerera kale kumudzi, kumene ndakhala ndikulima cimanga, nshawa ndi thonje.

Panapita zaka zambiri ndisanapite ku cipatala, ndipo dokotala amene anandipima anandifotokozera mwacifatse. M'kati mwa khutu muli kanthu kopindika ngati cigoba ca nkhono, ndipo m'menemo muli timaubweya zikwi zambiri timene timasandutsa kugwedezeka kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatigonetsa, monga udzu wopondedwa. Udzu ukapondedwa kamodzi umadzuka, koma ukapondedwa tsiku ndi tsiku pamasanduka njira, ndipo timaubweya timeneti tikafa sitimeranso. Timene timayamba kufa ndi tomva mau oonda, ndico cifukwa cake ndimamva ngolo ikugubuduka patali koma sindimva mbalame, kapena mwana woyankhula pafupi. Mphamvu ya phokoso amaiyesa ndi muyeso wochedwa desibelo. Pa madesibelo 85 munthu angagwire nchito maola 8 pa tsiku, koma pakaonjezeka atatu okha nthawiyo iyenera kudulidwa pakati, kotero kuti pa 100 yatsala mphindi 15 cabe. Patsogolo pa bokosi longa langa phokoso limapitirira pamenepo, ndipo ine ndinali kukhalapo usiku wathunthu. Ngakhale azungu eni zipangizo sanapulumuke. Gulu la The Who linayesedwa madesibelo 126 pa dansi yao ya ku Charlton mu London mu 1976, ndipo woimba gitala wao Pete Townshend wakhala akunena poyera za kuonongeka kwa makutu ake.

Kodi ndimadana nazo nyimbo zimenezo? Iai, ngakhale pang'ono. Zinali zathu, zinali zabwino, ndipo dziko lapansi lazindikira zimenezi mocedwa. Kampani ya Now-Again ya ku America inadindanso malekodi akale a Zamrock, mu 2019 kunatuluka kanema wonena za WITCH, ndipo Jagari Chanda, amene anakhala zaka akukumba miyala ya mtengo wapatali, anabwerera pa nsanja nakaimba ku Ulaya ndi ku America. Mu 2023 gululo linatulutsa cimbale catsopano ca Zango. Mdzukulu wanga wamwamuna anandionetsa pa foni azungu acinyamata akuvina nyimbo za ubwana wanga. Ndinalira ndi cimwemwe, koma gitala ndinamuona ndi maso kuposa kumumva.

Cimene ndimadandaula ndi umbuli. Sindinadziwe kuti ampulifaya ya mawati 100 siposa ya mawati 50 kawiri pa kumveka. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza, mphamvu iyenera kukula pafupifupi kakhumi. Sindinadziwe kuti kaampulifaya ka mavalavu ka mawati 15 kamasasa mau mokoma cimodzimodzi, ndi kuti ukaika maikolofoni patsogolo pake mau amakafika kwa ovina popanda kupyoza woimba. Bokosi likanakhala pansi, loloza kumbali, ndipo m'makutu mukanakhala zotsekera za mphira zimene mtengo wake sufika ngakhale wa nsambo. Kwa mnyamata amene angapeze ampulifaya yakale yotere ndionjezepo ziwiri: usaiyatse sipika isanalumikizidwe, pakuti ungaotche thiransifoma yake, ndipo usalowetsemo dzanja ngakhale yazimitsidwa, cifukwa m'kati mumatsalira magetsi oposa mavoti 400, okwanira kupha munthu.

Mwina wina adzati nkhani iyi ndi ya oimba a m'tauni, siikhudza ife a kumudzi. Koma tayang'anani mnyamata wogwira nchito pa cigayo kuyambira m'mawa kufikira madzulo, makutu ali pamtunda. Tayang'anani masipika a pa ukwati ndi a m'machalichi ena, amene tsopano amayendera sola ndi batire, ndi amai okhala patsogolo pake penipeni khanda liri kumbuyo. Tayang'anani ana athu ogona ndi timawaya ta foni m'makutu. Muyeso wosafuna makina ndi uwu: ngati muyenera kukuwa kuti munthu amene waima mkono umodzi kucoka pa inu akumveni, phokosolo likudya makutu anu. Sunthani, tsitsani, kapena tulukani kanthawi kuti makutu apume. Thonje wamba siliteteza mokwanira, funani zotsekera zenizeni. Ndipo makutu akalira mutacoka pa phokoso, dziwani kuti udzu wapondedwa.

Mdzukulu wanga uja sanaleke kundiwerengera. Anapeza yekha nzeru yokhala ku dzanja langa lamanja, kumene khutu likali ndi moyo pang'ono, ndipo amatembenuza nkhope kuti ndione milomo yake. Dzulo anandifunsa ngati n'zoona kuti kale anthu mazana anali kuvina ine ndikaimba. Ndinati n'zoona. Iye anati, "Tsono mundiphunzitse gitala, Ambuya." Ndamulonjeza kuti tikagulitsa nshawa ndidzamugulira, ndipo phunziro loyamba lidzakhala funso lija la amalume.